Nyimbo zimene anzanu akuti ndi sipika yakufa

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia, amene amakonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori pamsika. Walemba kuti: "Tsiku lina usiku ndinagwera nyimbo ina pa YouTube, yopanda woimba, yopanda gitala, ikumveka ngati makina akukangana ndi ng'oma. Ndinaibwereza katatu tulo osabwera. Nditawaikira anzanga, anati foni yanga yafa sipika. Kodi nyimbo zoterezi zimatchedwa chiyani, amazipanga ndani, ndipo ndingazipeze bwanji poti mamega ndi odula? Nanga anzangawa ndingawakope bwanji?"

Achimwene, foni yanu ili bwinobwino, ndipo khutu lanu lili bwino koposa. Zimene munamvazo Azungu amazitcha experimental electronic music, kutanthauza nyimbo zopangidwa ndi zida zamagetsi ndi kompyuta, zimene mwini wake sakutsata njira yozolowereka ya vesi, kolasi, vesi, koma akuyesa kuti aone ngati phokoso lina lake lingasanduke nyimbo. Dzinali ndi lalikulu ngati chitenje cha maliro, limafunditsa zinthu zambiri zosafanana. Muli zothamanga zoti mwendo sungazitsate, muli zodekha zoti ungaganize kuti palibe chikuchitika, mulinso zaukali ngati chigayo chikamagaya chimanga chosauma.

Mayina ndikupatsani, koma ndiyambe ndatsutsa bodza limodzi limene mudzakumana nalo, loti zimenezi ndi za ku Ulaya ndipo ife tikungosuzumira pawindo. Mabuku ambiri amayambira nkhaniyi kwa Pierre Schaeffer, amene mu 1948 ku Paris anajambula kulira kwa sitima zapamtunda n'kukudula, kukubwereza ndi kukusanja mpaka kukhala nyimbo. N'zoona anachita zimenezo. Koma zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 1944, mnyamata wa ku Cairo dzina lake Halim El-Dabh anali atabwereka kale makina ojambulira mawu pa waya, n'kupita nawo ku mwambo wa zaar, kumene amayi amaimba pochiza munthu wogwidwa ndi mizimu. Mawu a amayiwo anakawasintha m'situdiyo ya wailesi, kuwachititsa kuti azimveka mobwereza ngati m'phanga ndi kuchotsamo zina, kufuna kuti atsale ndi mtima weniweni wa kulirako. Choncho imodzi mwa ntchito zoyambirira za mtundu umenewu pa dziko lonse inabadwira mu Africa muno, ndipo inachokera ku mwambo wa mizimu.

Ndiye taganizirani zimene khutu lanu lakulira. Kumunsi kuno, kwa abale athu Anyungwe, kuli gule wa nyanga. Amuna amazungulira bwalo, aliyense ali ndi timabango take towerengeka, ndipo palibe mmodzi amene amaimba nyimbo yonse. Uyu auzira kamodzi, n'kutulutsa mawu a pakhosi, mnzake alowa pampata umene wasiyidwa, wina pampata wotsatira, miyendo ikuliza maseche, mpaka pamwamba pa onsewo pamayandama nyimbo imene palibe akuiimba yekha. Opanga nyimbo pa kompyuta amatha masiku akusanja timawu tating'onoting'ono kuti apeze chinthu chomwechi. Kwathu ku Angónia, mbalule ikamalankhula pamwamba pa mpanje, siigunda pamene mukuyembekezera. Imatsata phazi la chilombo, imachedwa dala, kenaka n'kuthamanga. Munthu amene wakula akumva zimenezo sangasokonezeke ndi ng'oma yokhotakhota ya pa kompyuta. Gule wamkulu ndi timbila za Achopi a ku Inhambane zonse zinalemekezedwa ndi UNESCO m'chaka chimodzi, 2005, ndipo akatswiri a nyimbo akunja akhala akubwera kudzaphunzira kalukidwe kake.

Palinso china chimene ndimachikonda kwambiri. Pa zikwa za valimba ndi timbila amamatapo kachikopa kopyapyala kuti mawu azinjenjemera, ndipo pa kalimba timakhomera zitsekerero za mabotolo kuti zizichita phokoso. Makolo athu mawu oyera mbee sankawakhutira nawo, ankafuna mawu okhala ndi mchenga pang'ono. Chimene anzanu akuchitcha sipika yakufa, agogo awo ankachiika dala pa choimbira.

N'chifukwa chake dzina loyamba limene ndikukupatsani ndi Konono Nº1 a ku Kinshasa. Gululi linayambitsidwa ndi Mingiedi Mawangu m'zaka za m'ma 1960. Ankaimba likembe, imene ndi kalimba yathu yomweyi, koma mumzinda waphokoso sinkamveka, ndiye iye anapanga yekha zokuzira mawu pogwiritsa ntchito maginito ochokera m'zitsulo za magalimoto akutha. Mawu anatuluka osweka, aukali, onjenjemera, ndipo m'malo mokonza anawasunga momwemo. Chimbale chawo chitatuluka ku Belgium mu 2004, okonda nyimbo zamagetsi ku Ulaya ndi ku America anachilandira ngati chawo. Inu ngati wokonza mafoni, wodziwa fungo la waya wowotcherera, muyambire pamenepa.

Kuchoka apo pitani ku Dar es Salaam. Kumeneko kuli singeli, nyimbo za achinyamata a m'makomboni monga Tandale, Manzese ndi Mburahati, zopangidwa pa malaputopu otchipa. Nyimbo zambiri zovinira zimene mumaikira anthu zimagunda ka 110 kapena ka 125 pa mphindi. Singeli imadutsa ka 200, nthawi zina kuyandikira ka 300. Sakani mayina a Sisso, Jay Mitta, Bamba Pana ndi DJ Travella. Poyamba mudzamva ngati kaseti ikuthamangitsidwa, koma khutu likakhazikika mudzayamba kumva kuti pansi pa liwirolo pali kugunda kwina kodekha kumene ovina amatsata, monga momwe amayi a chinamwali amavinira modekha ng'oma zikuthamanga.

Amene anatulutsira singeli kunja kwa Tanzania ndi kampani yotulutsa nyimbo ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala, imene ilinso ndi chikondwerero chake chimene chinayambira ku Jinja, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, mu 2015. Dzina limeneli lilembeni pakhoma la shopu yanu. Ali ndi nthambi ina yotchedwa Hakuna Kulala, ndipo pakati pa ziwirizi mupeza Slikback wa ku Kenya, amene besi yake imathyoka ngati nthambi youma. MC Yallah, mayi wa mawu akuthwa. Otim Alpha wa ku Gulu, amene anatenga nyimbo za ukwati za Aacholi n'kuziika pa makina. Nihiloxica, oimba ng'oma za Chiganda pamodzi ndi synthesizer, choimbira chamagetsi chopanga mawu akeake. Ndi Duma, anyamata awiri a ku Kenya amene nyimbo zawo ndi zaukali kwambiri moti ndikupemphani muwasiyire kumapeto. Mwa onsewa, amene ndikuganiza kuti angagwire mtima wa munthu wa ku Angónia msanga ndi Nihiloxica, chifukwa ng'oma zake ndi zachikopa zenizeni, zoombedwa ndi manja a anthu.

Kum'mwera kuli gqom, nyimbo zovinira za ku Durban, ndipo DJ Lag ndiye khomo labwino lolowera. Ng'oma yake yaikulu siigunda kanayi kofanana ngati ya nyimbo zovinira za mtundu wa house, imadumpha malo ena, n'kusiya mdima pakati. Kuli Nozinja wa ku Limpopo, mwini Shangaan electro, nyimbo za Chitsonga zothamanga ka 180 pa mphindi, zokhala ndi marimba a pa kiyibodi; Achangana a ku Gaza akazimva amazizindikira nthawi yomweyo. Ndipo poti ife kuno timawerenga Chipwitikizi, tili ndi mwayi umene abale athu a kutsidya kwa Dedza alibe: ku Lisbon kuli kampani ya Príncipe, imene kuyambira mu 2011 yakhala ikutulutsa batida, nyimbo zovinira za ana a anthu ochokera ku Angola, São Tomé, Cabo Verde ndi Guinea-Bissau okhala m'makomboni a mumzindawo. DJ Marfox, DJ Nigga Fox ndi Nídia anatenga kuduro ndi tarraxinha zimene mukuzidziwa kale, n'kuzipinda mpaka kukhala zachilendo. Zokambirana nawo zambiri zili m'Chipwitikizi, mutha kudziwerengera nokha mmene amaganizira. Kwathu konkuno, ku Maputo, sakani Nandele, komanso Matchume Zango amene amaphatikiza timbila ndi zida zamagetsi.

Mmodzi ndimutchule payekha, Nazar wa ku Angola. Bambo ake anali mmodzi wa akuluakulu a UNITA, gulu limene linkamenyana ndi boma pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Angola, iye anakulira ku Belgium nkhondo ili mkati, ndipo chimbale chake cha mu 2020 chimasimba za nkhondoyo ndi kuduro yosweka, yodzaza kulira kwa mfuti ndi ndege. Kwa ife amene makolo athu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere wa mu 1992, nyimbo zimenezi sizopepuka. Musaziike pamsika. Mumvere muli nokha, ndipo ngati pali wamkulu pafupi amene anaona zinthuzo ndi maso, muganizire kaye musanakweze mawu.

Tsopano mbali ina, yodekha. KMRU wa ku Nairobi, mdzukulu wa woimba wotchuka wa Chikikuyu Joseph Kamaru, amayenda ndi chojambulira mawu kutola phokoso la m'misewu, la magetsi, la mphepo, n'kulitambasula kukhala nyimbo zazitali zoyenda ngati nkhungu ya m'mawa ku Tsangano. Mtundu umenewu amautcha ambient. Mukaukonda, mudzafika kwa Éliane Radigue, mayi wa ku France wobadwa mu 1932, amene kwa zaka zambiri anagwira ntchito ndi makina amodzi okha otchedwa ARP 2500. Nyimbo yake imatha ola lathunthu ili ngati liwu limodzi, koma mukabwerera kumayambiriro mumapeza kuti mwafika kutali osadziwa pamene munakhotera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa mayi ameneyu mwambiwu ndi malangizo enieni a kamvedwe.

A ku Ulaya ndi ku America otchuka, monga Aphex Twin ndi Autechre a ku England, simungawaphonye, aliyense adzakutchulirani. Ine ndingowonjezapo Jlin, mayi wa ku Gary m'chigawo cha Indiana, amene anapanga nyimbo zake zoyamba akugwira ntchito pa fakitale ya zitsulo. Ng'oma zake n'zolukana kwambiri moti ndikamumvera ndimakumbuka bwalo la gule. Wa ku migodi ya ku Moatize angamumve bwino mayi ameneyu.

Koma achimwene, mayina amatha. Ndikakupatsani makumi awiri, pakutha pa mwezi mudzabweranso. Chimene ndikufuna mutenge ndi kasakidwe, ndipo kasakidwe kake ndi kotsata ulusi. Mukapeza nyimbo imene yakugwirani, musathamangire imene YouTube yakuikirani pambali, chifukwa makinawo amakukokerani ku zimene anthu ambiri akuonera, ndipo posakhalitsa mudzapezeka mwabwerera ku amapiano omwe aja. M'malo mwake tsikirani pansi pa nyimboyo muwerenge: yatulutsidwa ndi kampani iti, anaikonza ndani, mwini wake waimbapo ndi yani. Makampani ang'onoang'ono amenewa amayendetsedwa ndi anthu ochepa amene amasankha ndi khutu lawo, ndiye mukakonda chimbale chimodzi, mwayi ndi waukulu kuti mukondanso china cha pakhomo lomwelo.

Taonani mmene ulusi umayendera. Nozinja anatulutsa chimbale mu 2015 ku Warp, kampani imene inayambira ku Sheffield mu 1989. Mukatsegula mndandanda wa Warp, mukumana ndi Aphex Twin ndi Autechre. Nazar anatulukira ku Hyperdub ya ku London, ndipo kumeneko mupeza Burial ndi malemu DJ Rashad wa ku Chicago, amene akulowetsani ku footwork, nyimbo zovinira zothamanga za mumzindawo, kumene Jlin anachokera. KMRU anatulutsa chimbale mu 2020 ku Editions Mego ya ku Vienna, ndipo khomo limenelo likufikitsani kwa Fennesz, amene amasungunula gitala mu kompyuta. Mwayambira ku Limpopo, ku Luanda ndi ku Nairobi, mwafika ku England, ku Chicago ndi ku Austria, osafunsa munthu njira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Malo abwino ochitira zimenezi ndi Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo. Kumeneko kampani iliyonse ili ndi tsamba lake, zimbale zonse zili pamodzi, mumamvera kwaulere musanagule, ndipo pansi pa chimbale pali timawu tosonyeza mtundu ndi mzinda. Mukadina Kampala kapena Maputo, mumaona zina zochokera komweko. Palinso NTS, wailesi ya pa intaneti ya ku London imene inayamba mu 2011. Mapulogalamu ambiri a NTS amalemba mayina a nyimbo zimene zaulutsidwa, ndiye pulogalamu imodzi ya maola awiri ingakupatseni mayina okukwanirani mwezi. Ndipo pali Syrphe, ntchito ya Cedrik Fermont, amene kwa zaka zambiri wakhala akusonkhanitsa mayina a opanga nyimbo zoterezi a mu Africa ndi Asia, dziko ndi dziko.

Za mamega, nayi masamu ake. Mawu okha, pa mlingo wapakati wa 128 kbps, amadya pafupifupi mega imodzi pa mphindi, kutanthauza kuti chimbale cha mphindi 40 chikudyerani mamega 40 okha. Chimene chimamaliza mamega ndi kanema. Choncho pa Bandcamp ndi SoundCloud, tsamba lina lomverapo nyimbo, ndalama yanu ikhalitsa kusiyana ndi pa YouTube, ndipo mukakakamizika kukhala pa YouTube, tsitsani chithunzi chifike pa 144p, popeza simunabwere kudzaona. Yang'ananinso mabando a usiku a Movitel, Vodacom kapena Tmcel, muone amene ali ndi netiweki yolimba kumene mukugona. Khalani ndi kope la mayina. Masana, kasitomala akachepa, lembani zoti mudzamvere. Usiku mverani zimene mwalembazo zokha, osayendayenda.

Nyimbo iliyonse muipatse maulendo atatu musanaiweruze. Ulendo woyamba khutu limangodabwa. Wachiwiri musankhe chinthu chimodzi, kaya ndi ng'oma yapansi kaya kaphokoso kena kakumwamba, muchitsate kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wachitatu mumvere mukugwira ntchito, osaiganizira. Ikakanika pamenepo, isiyeni popanda manyazi; zambiri mwa nyimbozi sizabwino, monga momwe zilili nyimbo za mtundu uliwonse, ndipo kukhala yachilendo sikuisandutsa yokoma. Ine ndimasunga imene yandisiyira kanthu m'mutu m'mawa mwake.

Tsopano za anzanu. Ndikuganiza kuti theka la vuto linali sipika ya foni. Kasipika kameneko sikatulutsa mawu apansi, pamene gqom, batida ndi zambiri za Hakuna Kulala moyo wake uli mu besi. Mukachotsa besi pamatsala timaphokoso ta pamwamba tokha, ndipo zoonadi timamveka ngati chinthu chafa. Muwamveretse pa sipika yaikulu ya pashopu kapena pa mahedifoni abwino.

Theka linalo ndi kasankhidwe. Musapatse anthu asanu nyimbo imodzi. Mupatse munthu mmodzi nyimbo yomuyenera. Wovina kuduro mumuyambitse ndi DJ Marfox. Woomba ng'oma mumupatse Nihiloxica. Wa amapiano alowere ku DJ Lag. Mnzanu wosalankhulalankhula, wokonda kukhala yekha madzulo, mumuikire KMRU. Ndipo musanene kuti imvani nyimbo yodabwitsa, chifukwa mawu amenewo amamuika munthu pa mayeso. Mumuuze chinthu chimodzi choti atchere khutu, monga kuti tamvera mmene ng'oma iyi ikuchedwera ngati mbalule. Ine ndinachita zimenezi ndi malume anga, amene aomba ng'oma moyo wawo wonse. Ndinawaikira singeli, anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kuomba pa bondo kugunda kwapakati kumene ine ndinali ndisanakumve n'komwe. Sananene kuti aikonda, koma anandiuza kuti ndiibwereze. Wina akakana, musamunyoze kuti sadziwa nyimbo, chifukwa mukatero sadzabweranso ngakhale tsiku limene khutu lake lidzatseguke.

Pa ntchito yanu ya mamemori muli ndi mphamvu imene ine wa mumzinda wa Tete ndilibe: nyimbo zimene mumaika zimakwera njinga kupita ku Dómuè, zimaoloka pa Calómuè, zimalira m'minda ya mbatatesi. Kasitomala akavomera, muonjezereni kafoda ka nyimbo zitatu zokha, osapitirira. Koma pano ndikupemphani chinthu mochokera pansi pa mtima. Ambiri mwa anthu ndawatchulawa si olemera. Ena ndi anyamata ngati inu nomwe, a laputopu imodzi. Lembani dzina la mwini nyimbo molondola pa fayilo iliyonse, kuti woikonda adziwe womusaka. Pa Bandcamp pali zimbale zimene eni ake amalola kuti munthu alipire zimene angathe, ngakhale osalipira kanthu, ndipo pa SoundCloud ena amatsegula okha kuti anthu atsitse. Yambirani pa zimenezo. Tsiku limene mudzakhale ndi khadi la kubanki lotha kugulira pa intaneti, mudzagule chimbale chimodzi cha amene anakusowetsani tulo uja.

Simunafunse zopanga nokha, koma ndikuona kumene funso lanu likulowera, chifukwa wokonza mafoni sakhutira ndi kumvera kokha, amafuna kutsegula aone m'kati. Zida zake muli nazo kale. Foni imajambula mawu, ndipo mwa mapulogalamu okonzera nyimbo, Audacity ndi yaulere pa kompyuta, BandLab ndi yaulere pa foni, ndipo FL Studio, imene gqom yambiri inapangidwira, ili ndi mtundu wake wa pafoni. Phokoso nalo sitisowa. Sitima za malasha zochoka ku Moatize n'zazitali moti kugunda kwa mawilo ake pa njanji kumakupatsani ng'oma ya mphindi zingapo. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, n'chifukwa chake thiransifoma iliyonse imang'ung'udza liwu limodzi losasintha, ndipo liwu limenelo mutha kumangapo nyimbo yonse. Chenjezo langa ndi limodzi: za kudambwe si zojambula mwachisawawa. Ng'oma za pabwalo pemphani kwa eni ake, ndipo zimene akuluakulu akana zisiyeni.

Sabata ino chitani izi. Pitani ku chigayo chapafupi m'mawa, mupemphe mwini wake, mujambule mphindi ziwiri kuyambira pamene injini ikudzuka mpaka chimanga chitayamba kulowa. Madzulo mverani Konono Nº1 pa mahedifoni, kenaka mverani chigayo chanucho pa mahedifoni omwewo. Mukatero mundilembere, munene dzina la nyimbo ija munaibwereza katatu ndi kampani imene inaitulutsa, kuti tiyambire pamenepo kutsata ulusi wanu.